Kusunga Malo Amene Si Ako: Phunziro la pa Chilumba cha Eigg

Cholinga

Kumvetsa udindo wa munthu amene wasankhidwa kutsogolera bungwe losungira anthu malo, ndiponso kuona chifukwa chake ntchito yoteteza chilengedwe imalimba pamene anthu okhala pamalopo ali ndi mawu pa zimene zikuchitika.

Werengani gawo lililonse mokweza, mosinthana, ndipo musapite ku gawo lotsatira musanakambirane mafunso ake. Mafunso ena alibe yankho limodzi. Wotsogolera phunziro aonetsetse kuti aliyense wapatsidwa mpata wolankhula, makamaka amene sakonda kuyamba.

Gawo 1

Tonse timadziwa kusiyana kwa katundu wathu ndi katundu amene wina watisungitsa. Mbuzi yako ukhoza kuigulitsa tsiku limene wafuna. Mbuzi imene mlongo wako anakusiyira popita kutauni umaidyetsa, umaitsekera m'khola madzulo, ikaswa umamuuza, koma sungapite nayo kumsika ngakhale utasowa ndalama ya mchere. Tsiku lina adzabwera kudzafunsa, ndipo uyenera kudzamuonetsa mbuziyo pamodzi ndi ana ake.

Pali mabungwe amene ntchito yawo ndi yofanana ndi imeneyi, kungoti chimene amasunga ndi malo: nkhalango, madambo, minda, mapiri, nthawi zina ndi nyumba zomwe. Pa Chingerezi amawatchula kuti land trust. Bungwe lotere limagula malo kapena kupatsidwa, ndipo malamulo ake amanena kuti malowo asungidwe kuti apindulire anthu onse, a lero ndi amene sanabadwe. Si bungwe lofuna phindu. Ndalama ikatsala, mamembala sagawana. Imabwerera ku ntchito ya malowo. Limodzi mwa mabungwe akale a mtundu umenewu ndi The Trustees of Reservations, lomwe linayamba mu 1891 ku Massachusetts, m'dziko la America. Ku Britain, National Trust inayamba mu 1895.

Kwa zaka zambiri, mabungwe ochuluka otere ankaika mtima pa malo okha: kuti mitengo isadulidwe, mbalame zisathawe, malo okongola asamangidwepo nyumba. Anthu okhala pafupi nthawi zambiri ankaonedwa ngati oyenera kuwatchingira kunja. M'phunziro lino tiona bungwe limene linayamba kuchokera kwa anthu okhala pamalopo, ndipo tiona zimene ntchito yolitsogolera imafuna.

1. Tchulani chinthu chimodzi chimene munasungitsidwapo. Munkachisamala mosiyana bwanji ndi zinthu zanu?
2. Bungwe likamasunga malo m'malo mwa anthu amene sanabadwe, ndani angalifunse ngati likusunga bwino?

Gawo 2

Eigg ndi chilumba chaching'ono kumadzulo kwa dziko la Scotland. M'litali ndi makilomita pafupifupi 9, m'lifupi pafupifupi 5. Munthu amafikako pa sitima yapamadzi yochokera padoko la Mallaig, ndipo chimene amayamba kuona ali patali ndi thanthwe lalitali lotchedwa An Sgùrr, lokwera mamita 393.

Kwa zaka zoposa 100, chilumba chonsechi chinkagulidwa ndi kugulitsidwa ngati munda wa munthu mmodzi. Mwini wake akasintha, moyo wa anthu onse unkasintha nawo. Mu 1853, mabanja a m'mudzi wa Grulin anachotsedwa kuti malo awo akhale odyetserako nkhosa, ndipo ambiri anawoloka nyanja kupita ku Canada. Mabwinja a nyumba zawo akuonekabe mpaka lero. Lamulo la mu 1886 linateteza alimi ang'onoang'ono kuti asamathamangitsidwe paminda yawo, koma anthu ena okhala m'nyumba za mwini chilumba analibe chitetezo chotere.

Pofika zaka za m'ma 1990, pachilumbapa panatsala anthu ongopitirira 60 pang'ono. Ambiri analibe lizi yanthawi yaitali ya nyumba zimene ankakhalamo. Zotsatira zake n'zosavuta kuzimvetsa. Munthu amene sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhala m'nyumba yomweyo sakonza denga lodontha. Sadzala mtengo umene udzabereke patapita zaka 10. Banki simubwereka ndalama yoyambira bizinesi pamalo amene alibe pepala lake. Ndipo pamsonkhano salankhula momasuka, chifukwa amene angamukhumudwitse ndi yemwenso ali mwini wa nyumba yake ndi ntchito yake.

Keith Schellenberg, amene anagula chilumbachi mu 1975, anachigulitsa mu 1995 kwa katswiri wa zojambula wa ku Germany wodziwika ndi dzina loti Maruma. Mwini watsopanoyu analonjeza chitukuko cha ndalama zambiri, koma sichinaoneke, ndipo mu 1996 chilumba chinaikidwanso pamsika.

1. N'chifukwa chiyani munthu wopanda chitsimikizo cha malo amavutika kusamala malowo?
2. Malizitsani chiganizo ichi m'mawu anu: Munthu amadzala mtengo pamene akukhulupirira kuti ______________________.

Gawo 3

Ganizo loti anthu agule chilumba chawo linali litayamba kale. Mu 1991 anthu anayi, mmodzi mwa iwo Alastair McIntosh amene pambuyo pake analemba nkhaniyi m'buku lake la Soil and Soul, anakhazikitsa bungwe loti lidzagule Eigg m'malo mwa anthu ake. Bungwelo linalibe ndalama, ndipo oyambitsawo sanali okhala pachilumbapo. Chimene chinasintha zinthu n'chakuti eni mudzi analitenga ganizolo kukhala lawo. Analimbikitsidwanso ndi alimi a ku Assynt, kumpoto kwa Scotland, amene anagula malo awo mu 1993.

Chilumba chitaikidwa pamsika, anthu a ku Eigg anagwirizana ndi mabungwe awiri: Highland Council, yomwe ndi khonsolo ya dera lonselo, ndi Scottish Wildlife Trust, bungwe loteteza zachilengedwe. Magulu atatuwa anapanga Isle of Eigg Heritage Trust. Anapempha thandizo kwa anthu wamba, ndipo anthu pafupifupi 10,000 anatumiza zopereka, ambiri a iwo asanapondepo pachilumbapo. Munthu mmodzi, amene anakana kuti dzina lake lidziwike, anapereka ndalama zosachepera theka la mtengo wonse. Bungwe linagula chilumba pa mtengo wa mapaundi 1.5 miliyoni, ndipo linachilandira pa 12 June 1997. Tsiku limeneli amalikumbukira chaka ndi chaka.

Taonani mmene anagawira mipando ya bodi yoyendetsa bungweli. Anthu okhala pachilumba amasankha okha nthumwi zawo, ndipo ali ndi mipando yambiri kuposa lililonse la mabungwe awiri aja. Khonsolo imabweretsa luso la zamalamulo ndi zachitukuko. Bungwe la zachilengedwe limalankhulira zimene sizingabwere pamsonkhano: mbalame, mitengo ndi madambo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mutu uliwonse uli ndi mbali yake ya denga. Anthu a pachilumba akanakhala okha, zosowa za chaka chino zikanatha kuphimba zofunika za zaka 50 zikubwerazo. Akatswiri akanakhala okha, chilumba chikanangopeza mwini wina wokhala kutali.

1. Mabungwe atatuwa amatetezana bwanji ku zolakwa zimene lililonse lingachite palokha?
2. Munthu uja anapereka ndalama zambiri koma sanafune dzina kapena mpando. Kodi zimenezi zinathandiza bwanji bungwe? Zikanakhala bwanji akanapempha kuti azifunsidwa pa chilichonse?
3. Ganizo labwino likachokera kwa anthu akunja, pamafunika chiyani kuti likhale la eni mudzi?

Gawo 4

Tsiku la chikondwerero limatha, ndipo m'mawa mwake ntchito imayamba. Anthu amene dzulo ankadandaula za mwini malo anadzuka ali eni malo. Denga likadontha, panalibenso wina womuloza chala.

Ntchito zoyamba za bungwe sizinali zodzala mitengo. Linayamba ndi kupereka lizi zanthawi yaitali kwa anthu okhala m'nyumba zake ndi kwa alimi, kukonza nyumba zimene zinali zitawonongeka, ndi kumanga padoko nyumba yotchedwa An Laimhrig, momwe muli sitolo ndi malo odyera. Linakhazikitsa makampani ake ang'onoang'ono oyendetsa malonda ndi zomangamanga, kuti ndalama za lendi ndi za malonda zizithandiza kusamala chilumba. Linakonzanso njira yoti munthu wofuna kukhazikika apeze puloti yomangapo nyumba popanda kulipira mtengo wa malowo poyamba, bungwe n'kukhalabe ndi gawo lake pamalopo. Cholinga n'chakuti mabanja achinyamata athe kumanga, komanso malo a anthu onse asasanduke phindu la munthu mmodzi. Patapita zaka 20, chiwerengero cha anthu chinali chitapitirira 100.

Wina angafunse kuti nyumba ndi sitolo zikukhudzana bwanji ndi kuteteza chilengedwe. Yankho lili m'Gawo 2. Munthu amasamala malo amene akudziwa kuti ana ake adzakhalapo. Bungwe likafuna kuti anthu aganizire zaka 50 zikubwerazo, liyenera kuyamba lawathandiza kukhala otsimikiza za chaka chamawa.

Tsono wotsogolera bungwe lotere amachita chiyani tsiku ndi tsiku? Zambiri mwa ntchito zake sizioneka. Amalemba maminitsi a misonkhano ndi kuwasunga poti aliyense angawawerenge. Amatolera lendi, ngakhale kwa mnzake amene anakula naye. Amalemba makalata opempha thandizo, ndipo ndalama ikabwera amaonetsetsa kuti yagwira ntchito imene anaipemphera, osati ina, ngakhale inayo ikhale yabwino. Chaka chilichonse amapereka mabuku a ndalama kuti munthu wapadera awafufuze. Nkhani ikakhudza m'bale wake, amanena poyera n'kutuluka pamene ena akugamula. Pamudzi waung'ono zimenezi n'zovuta, chifukwa munthu amene wamukaniza pempho masana udzakumana naye kusitolo madzulo.

Pali mayesero awiri amene amabwera kwa wotsogolera aliyense wotere. Loyamba ndi kuyamba kuona malowo ngati ake. Akagwira ntchito zaka zambiri, amadziwa zambiri kuposa ena, ndipo amayamba kuona kufunsa anthu ngati kutaya nthawi. Akatero, mwini malo wakale uja wabwerera, wangosintha dzina. Lachiwiri ndi kuopa kukhumudwitsa anthu mpaka kuvomera pempho lililonse. Akatero, chosungitsidwa chija chimatha pang'onopang'ono, lero puloti, mawa mitengo ingapo, popanda tsiku limene wina anganene kuti ndi pamene chinatayika.

1. Pa mayesero awiriwa, ndi liti limene mwaliona kawirikawiri m'makomiti a kwanu? Fotokozani osatchula dzina la munthu.
2. Chongani ziganizo zimene mukugwirizana nazo, ndipo fotokozani chifukwa chake:
___ Wotsogolera wokhulupirika safunika kuonetsa mabuku a ndalama, chifukwa anthu amamudziwa.
___ Kuonetsa mabuku a ndalama kumateteza wotsogolera yemweyo.
___ Ndalama yopatsidwa kuti idzalire mitengo ikhoza kukonzera mjigo ngati mjigowo wawonongeka.
___ Wotsogolera wabwino amaphunzitsa wina ntchito yake asanatope.

Gawo 5

Kufikira mu 2008, ku Eigg kunalibe magetsi a onse. Mabanja ambiri ankadalira majenereta a dizilo, amene ankawaliza maola ochepa patsiku. Kukoka nthambo kuchokera kumtunda kudutsa pansi pa nyanja kunali kodula kwambiri. Choncho bungwe linakhazikitsa kampani yake, Eigg Electric, ndipo mu February 2008 magetsi anayaka usana ndi usiku. Amachokera ku zinthu zitatu: madzi a m'mitsinje, mphepo ndi dzuwa. Mabatire amasunga otsala, ndipo majenereta a dizilo amangothandiza pamene zitatuzi zachepa. Amene amasamala makinawa ndi anthu a pachilumba pomwepo, amene anaphunzitsidwa ntchitoyo.

Magetsi otere ali ndi malire. Aliyense akanayatsa zonse zimene ali nazo nthawi imodzi, chilumba chonse chikanakhala mumdima. Anthuwo anagwirizana kuti nyumba iliyonse isapitirire makilowati 5 pa nthawi imodzi, ndipo bizinesi isapitirire makilowati 10. Makilowati 5 amakwanira kuyatsa ketulo ndi makina ochapira zovala pamodzi, koma osati zida zonse za m'nyumba. Wopitirira malirewo, magetsi a m'nyumba mwake amazima okha, a anzake ali chiyakire. Wolemera sangagule malire okulirapo kuposa a mnansi wake.

Malamulo oletsa si achilendo kwa ife. Tawaona ambiri olembedwa pazikwangwani m'mphepete mwa nkhalango, ndipo tawaona akuphwanyidwa usiku. Lamulo la ku Eigg likusiyana ndi amenewo m'njira zitatu. Anthu amene amalitsatira ndi omwe analivomereza. Chifukwa chake aliyense amachimvetsa, popeza mtsinje ukaphwa amauona ndi maso ake. Ndipo limagwira aliyense mofanana, kuphatikizapo a m'bodi. Wotsogolera amene akufuna kuti anthu adziletse pa nkhuni, pa nsomba kapena pa msipu ayenera kufunsa ngati lamulo lake lili ndi zitatuzi.

1. Tchulani lamulo limodzi loteteza chilengedwe limene anthu a kwanu amalitsatira popanda mlonda. N'chifukwa chiyani amalitsatira?
2. Tchulani lina limene limaphwanyidwa. Pa zinthu zitatu zija, likusowa chiti?

Gawo 6

Chilumbachi chili ndi zamoyo zambiri. Ziwombankhanga zimauluka pamwamba pa matanthwe ake, akatumbu amasaka m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'malo ena muli nkhalango zakale za mitengo ya hazel. Bungwe linalandiranso minda ya mitengo yachilendo ya mtundu wa paini, imene inadzalidwa mothithikana m'zaka za m'mbuyomo, ina pamalo a dambo. Mitengo yotere imaumitsa dambo, ndipo pansi pake pamamera zochepa.

Bungwe silinaisiye mitengoyi kuti ingokhala, komanso silinaigwetse yonse tsiku limodzi. Yakhala ikudulidwa m'zigawo, ina n'kukhala nkhuni zotenthetsera nyumba za pachilumba. Pali nazale yofesa mitengo yachilengedwe ya komweko, yodzala m'malo amene adulidwa, ndipo dambo lina lathandizidwa kuti lisungenso madzi. Ntchito zimenezi zimalembanso anthu a pachilumba, ndipo alendo obwera kudzaona mbalame amasiya ndalama m'nyumba zogona ndi m'sitolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene akudzala mitengoyi lero sadzaiona itakula msinkhu wake wonse.

Tisaganize kuti zofuna za anthu ndi za chilengedwe zimagwirizana nthawi zonse. Nthawi zina zimawombana, ndipo pamenepo ndi pamene utsogoleri umayesedwa. Tiyerekeze kuti inu muli m'bodi ya bungwe lotere. Banja lachinyamata, limene lili ndi ana awiri amene angathandize kuti sukulu ya pamudzi isatsekedwe, lapempha puloti. Malo amene lasankha ali pafupi ndi msewu ndi madzi, koma ndi pomwe mbalame zosowa zimaikira mazira. Malo ena alipo, koma kumangapo kungadye ndalama zambiri, ndipo banjalo lanena kuti likakanizidwa lichoka.

1. Musanagamule, ndi mfundo ziti zimene muyenera kufufuza? Ndani ayenera kumvedwa?
2. Kodi pali njira ina kupatula kuvomera ndi kukana?
3. Bodi ikagamula mosiyana ndi maganizo anu, mudzalankhula bwanji za chigamulocho mukatuluka pamsonkhano?

Gawo 7

Zimene zinachitika ku Eigg sizinathere pomwepo. Anthu a ku Knoydart anagula malo awo mu 1999, a pachilumba cha Gigha mu 2002, ndipo mu 2003 nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa lamulo lopatsa midzi mwayi woyamba wogula malo amene ikukhalapo akaikidwa pamsika.

Kwathu kuno nkhani ya malo ndi yosiyana. Malo ambiri a kumudzi alibe mwini mmodzi woti agulidwe kwa iye. Ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja. Komabe udindo wosungira ena si wachilendo. Mitengo ya kumanda imakhalabe chiimire ngakhale phiri lonse litametedwa, chifukwa aliyense amadziwa kuti malowo si a munthu mmodzi, ndiponso si a amoyo okha. Ku Malawi, lamulo la zankhalango la mu 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo zoyang'aniridwa ndi makomiti a m'mudzi. Aliyense wokhala m'komiti yotere, kapena ya mjigo, ya dambo, ya gombe la asodzi, wanyamula katundu wofanana ndi wa anthu a m'bodi ya ku Eigg. Ayenera kudziwa kuti chimene akusunga ndi cha ndani, kuonetsa poyera mmene akuchisungira, ndi kuchipereka kwa womutsatira chili bwino kuposa mmene anachilandirira.

Zochita musanakumanenso

Gawanani awiriawiri. Gulu lililonse lisankhe malo amodzi a anthu onse m'dera lanu: nkhalango ya mudzi, chitsime, dambo, bwalo la masewera kapena mtsinje. Pitani mukawaone, ndipo mukacheze mwaulemu ndi munthu mmodzi wachikulire amene amakumbukira mmene analili kale, ndi mmodzi amene amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mukafunse mafunso awa: Amene amasunga malowa ndani, ndipo anasankhidwa ndi ndani? Malamulo ake ndi otani, ndipo anawapanga ndani? Ngati pamatoleredwa ndalama, anthu amauzidwa liti mmene zayendera? Ndani amalankhulira ana amene adzawafune malowa zaka 30 zikubwerazo?

Mupite ngati ofuna kuphunzira, osati ofufuza zolakwa za ena. Lembani zimene mwamva, ndipo tikadzakumananso gulu lililonse lidzafotokoze, kenako tidzasankhe pamodzi ntchito imodzi yaing'ono imene tingathe kuthandizapo osunga malowo mwezi uno.